Mmene Mungasiyanitsire Nthambi Yoima Payokha ndi Yosaima Payokha m'Chingerezi

Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MSCE amaloweza kuti independent clause ndi nthambi ya chiganizo yoima payokha, ndipo dependent clause ndi nthambi yosaima payokha, koma akapatsidwa chiganizo chachitali kuti achiphwanye, amangoloza mbali yokhala ndi mawu ambiri n'kunena kuti ndiyo yaikulu. Kuchuluka kwa mawu sikuthandiza pano. "She laughed" ndi mawu awiri okha koma ganizo lake latha, pomwe "because the bus from Zomba had broken down near the bridge" ali ndi mawu ambirimbiri koma womvera akadali tcheru kudikira kuti amve chimene chinachitika. Popeza munthu salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ndi bwino kukhala ndi njira yodalirika m'malo mongoyerekeza.

Yambani ndi aneni. Werengani chiganizo chonse, ndipo mulembe mzere kunsi kwa mneni aliyense wosonyeza nthawi, kenaka mumupezere mwininkhani wake. Paliponse pamene mwapeza awiriwa ali pamodzi, mwapeza nthambi. M'chiganizo chakuti "When the rain stopped, the farmers returned to the field" muli aneni awiri, "stopped" ndi "returned", kotero nthambi zilimo ziwiri. Samalani ndi mawu othera ndi "-ing" kapena otsogozedwa ndi "to", chifukwa paokha sasonyeza nthawi. "Walking to the market" ndi kapandamneni, monganso "after the meeting", koma "after the meeting ended" ndi nthambi chifukwa mwalowa mneni "ended".

Mukapeza nthambizo, yang'anani liwu limene lili kumayambiriro kwa iliyonse, pakuti m'Chingerezi chinsinsi chachikulu chagona pamenepo. Mawu monga because, although, if, unless, when, while, until, before ndi after amachititsa nthambi kukhala yosaima payokha, chimodzimodzinso who, whom, whose, which ndi that. Tengani "the farmers returned" n'kuikapo "if" patsogolo: mawu ena onse sanasinthe, koma tsopano ganizo likulendewera. Ife olankhula Chichewa tili ndi chifukwa chomveka chopunthwira apa. M'chinenero chathu chizindikiro cha kudalira nthawi zambiri chimakhala m'kati mwa mneni, monga "mvula itagwa" kapena "mvula ikagwa", ndiye khutu lathu linazolowera kumvera mneni. M'Chingerezi mneni kawirikawiri amaoneka chimodzimodzi m'nthambi zonse ziwiri, ndipo amene amasintha zinthu ndi kaliwu kakang'ono kakutsogolo, kamene maso amakadumpha mosavuta powerenga mwachangu.

Si mlumikizi aliyense amene amachita zimenezi. And, but, or, nor, for, so ndi yet amalumikiza nthambi zofanana mphamvu, ndipo iliyonse imakhalabe yoima payokha, monga "Mphatso cooked the rice, but nobody ate it". Mawu monga however ndi therefore nawo sachepetsa mphamvu ya nthambi, komanso alibe mphamvu yolumikiza nthambi ziwiri ndi mpatuliro wokha. Njira yowazindikira ndi kuyesa kuwasuntha. Mukhoza kulemba "However, nobody ate it" kapena "Nobody, however, ate it", koma "although" simungamusunthe chotero, chifukwa iye ndi womangirira nthambi yake pamalo amodzi.

Pali zolakwika ziwiri zimene ndimaona kuti aphunzitsi ayenera kuzifotokoza poyera m'malo mongozilemba ndi cholembera chofiira, chifukwa mwana amene wazichita sanalakwe mwachisawawa, koma watsatira malamulo a Chichewa. Choyamba ndi "Although he was sick, but he went to school". Ife timanena bwinobwino kuti "Ngakhale ankadwala, koma anapita kusukulu", ndipo palibe amene angatidzudzule. Chingerezi chimafuna mlumikizi mmodzi pa mfundo imodzi yolumikizira, choncho sankhani "although" kapena "but", osati onse awiri. Chachiwiri ndi "The man whom I saw him was tall", chochokera ku "munthu amene ndinamuona", momwe "-mu-" amabwerezanso munthuyo. M'Chingerezi "whom" waimira kale munthuyo, ndipo "him" alibenso malo.

Funso la pa mayeso likafuna mtundu wa nthambi yosaima payokha, dzifunseni ntchito imene ikugwira. Ikamanena nthawi, chifukwa, cholinga kapena zofunika kuti chinthu chichitike, ndi nthambi ya muonjezi. Ikamafotokoza dzina limene yatsatana nalo, monga "the girl who won the prize", ndi ya mfotokozi. Ya dzina ndiyo yovutirapo, chifukwa imakhala m'kati mwenimweni mwa nthambi yaikulu monga mwininkhani kapena pamtherankhani. Mu "What she said surprised us", chotsani "what she said" n'kuikapo "it", ndipo mukaona kuti chiganizo chikumvekabe, dziwani kuti ndi nthambi ya dzina. Dziwaninso kuti "that" nthawi zina amasiyidwa, monga "the book I bought" kapena "I know she is right". Mukakayika, yesani kumubwezeretsa, ndipo akakwanapo bwino, nthambiyo ndi yosaima payokha.

Zizindikiro za m'kalembedwe zimatsatira zomwezi. Nthambi ya muonjezi ikatsogola, ikani mpatuliro pamene yathera, koma ikabwera pambuyo, kawirikawiri mpatuliro safunika: "We will plant when the rain comes". Onani kuti mneni wa m'nthambi ya "when" ndi "comes", osati "will come", ngakhale mvulayo sinabwere. Nthambi yosaima payokha musaitsekere ndi mpumiro ili yokha m'chimangirizo kapena m'kalata yofunsira ntchito, ngakhale kuti pocheza munthu akhoza kuyankha kuti "Because I was late" ndipo aliyense n'kumva. Nthambi ziwiri zoima pazokha musazilekanitse ndi mpatuliro wokha, monga "The shop was closed, we went home". Ikanipo mpumiro, semicolon (;), kapena "so" pambuyo pa mpatuliro.

Poyeserera, tengani ndime imodzi ya m'nyuzipepala ya Chingerezi, mulembe mizere kunsi kwa aneni, muzunguze alumikizi, kenaka muwerenge nthambi iliyonse mokweza kwa mnzanu. Akakufunsani kuti "ndiye zinatani?", bwererani kumayambiriro kwa nthambiyo mukapeze liwu limene lamusiya akudikira.