Mmene mungakhululukire mnzanu wa mu mpingo amene wakulakwirani

Ambiri amalephera kukhululuka chifukwa amasakaniza zinthu zitatu: kukhululuka, kuyanjana, ndi kumukhulupiriranso munthuyo. Kukhululuka kuli m'manja mwanu nokha. Kuyanjana kumafuna anthu awiri. Chikhulupiriro chimabwerera pang'onopang'ono, mukaona kuti munthu wasinthadi.

Yambani ndi kuutchula mlanduwo pamaso pa Mulungu mmene ulili: "Anandinamizira pa msonkhano wa amayi kuti ndimadya ndalama za chopereka." Musafulumire kunena kuti palibe kanthu. Chilonda chomangidwa chisanatsukidwe chimatukusira, ndipo nkhani yokwiriridwa chotere imadzaphulika pa maliro kapena pa ukwati.

Kenaka werengani Mateyu 18:23-35 mosathamanga. Kapolo wa m'fanizo la Yesuli anakhululukidwa ndi mfumu ngongole ya matalente 10,000, koma anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu (Mateyu 20:2), choncho madinari 100 ndi thukuta la miyezi yoposa itatu. Yesu sakupeputsa zimene munatayazo. Akuziyerekeza ndi ngongole yanu kwa Mulungu, pakuti talente imodzi yokha inali pafupifupi madinari 6,000. Kukhululuka ndiko kufafaniza ngongole yakubwezera, ndipo kumaoneka ndi maso: mwasiya kufotokozera aliyense nkhaniyo, mwasiya kuponya mawu okuluwika pa WhatsApp, simukuletsanso ana anu kusewera ndi ana ake.

Mukatero pitani kwa iye. Mateyu 18:15 akuti mukhale awiriwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya, chifukwa amayamba kwa abusa kapena kwa anzawo a kwaya mwiniwake asanamve kanthu. Musamuimike pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka. Mupempheni nthawi, mukhale pansi, munene nkhani imodzi yokha: "Mayi, mawu munayankhula tsiku lija anandipweteka. Ndabwera kuti tikambirane." Mukayamba kufukula za zaka zisanu zapitazo, iye adzangodziteteza. Mukanena zanu khalani chete, mumve mbali yake. Mwina mupeza kuti amene anakubweretserani nkhaniyo anathirako mchere.

Akakana, tengani munthu mmodzi kapena awiri. Asakhale abale anu kapena anzanu apamtima, chifukwa iye adzaona ngati mwabwera ndi gulu lankhondo. Mkulu wa mpingo amene nonse mumamulemekeza ndiye woyenera, ndipo ikakhala nkhani ya m'banja, ankhoswe alipo. Mpingo wonse umabwera pomalizira.

Nanga akapanda kupepesa? Aroma 12:18 akuti mukhale mwamtendere ndi anthu onse mmene mungathere kumbali yanu. Mbali yanu mwaichita. Marko 11:25 amalamula kukhululuka pamene mwaima kupemphera, osadikira kuti wolakwayo afike kaye.

Tinene mosabisa: kukhululuka sikuletsa chilungamo. Zakeyu atalapa analonjeza kubweza kanayi zimene analanda (Luka 19:8). Ngati ndi ngongole, mukhoza kumumasula mumtima n'kugwirizana za kabwezedwe, molemba, pali mboni. Yosefe anawayesa abale ake kaye asanadziulule kwa iwo, kuti aone ngati angamutaye Benjamini mmene anamutayira iye. Ndipo pamene pali kumenyedwa kapena kugwiriridwa kwa mwana, nkhaniyo ipite kupolisi. Wouza mayi wotupa nkhope kuti abwerere kunyumba chifukwa "Mkhristu amakhululuka" akupotoza malemba.

Ululu udzabweranso, makamaka mukamuona akupita kukalandira Mgonero kapena akutsogolera nyimbo. Izi sizitanthauza kuti simunakhululuke. Petro anafunsa ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu anamupatsa chiwerengero choti munthu asiye kuwerenga (Mateyu 18:21-22), ndipo nthawi zambiri kubwerezako kumakhala pa mlandu womwewo umodzi. Mtima ukangoyamba kuwira, mupemphererani pomwepo (Mateyu 5:44), momutchula dzina, ndi kumupemphera chinthu chenicheni chimene mukudziwa kuti akuchisowa, kaya ndi fizi ya mwana wake kapena mvula m'munda mwake.