Tomato wa juwisi: musadzale mtundu umodzi wokha

Alimi anzanga amene mukufuna kumamwa juwisi wa tomato wofinya nokha, dziwani kuti kukoma kwake kumayambira tsiku logula mbewu. Ambiri akamva zokonza tomato amathamangira Roma, n'kudzala munda wonse. Apa m'pamene ndikufuna tiunikirane.

Roma anatulutsidwa ndi akatswiri a zaulimi a boma la America m'zaka za m'ma 1950, ndipo ntchito yake kwenikweni ndi ya tomato wophwanya wa m'zitini. Iyeyu ndi mnzake San Marzano wa ku Italy ali ndi mnofu wochindikala, njere zochepa, madzinso ochepa. Mukafinya Roma yekha mumapeza chinthu cholimba ngati phala, choti kumwa kwake mpaka muthire madzi, ndipo mukatero kukoma kwathawa. Tomato wozungulira uja, monga Marglobe, Moneymaker kapena Rutgers, ndiye ali ndi madzi ambiri ndi kawawasa kokoma. Rutgers anatuluka mu 1934 ku New Jersey, pa mgwirizano wa yunivesite ya Rutgers ndi kampani ya Campbell yopanga supu, ndipo mpaka lero okonda juwisi amamufunafuna. Koma naye wozungulira yekha amatulutsa juwisi wamadzimadzi.

Choncho ine ndimalangiza kusakaniza: magawo awiri a wozungulira, gawo limodzi la Roma. Wina apereke madzi ndi fungo, wina apereke thupi. Ngati muli ndi malo, onjezani mitengo iwiri kapena itatu ya tomato wamng'onomng'ono wa cherry kuti juwisi atsekemere. Musachulutse, chifukwa makoko ndi njere zake zimatsekereza sefa.

Kenako dzifunseni kuti muzimwa bwanji. Pali mitundu yaifupi, monga Roma, imene imakula n'kuima, zipatso zake n'kupsa pafupifupi zonse m'masabata ochepa. Imeneyi ndi yabwino kwa wofuna kuphika juwisi wambiri nthawi imodzi n'kusunga m'mabotolo. Mitundu yotalika, monga Moneymaker, imapitiriza kukula ndi kubereka pang'onopang'ono. Imafuna zichiri zolimba, kumangirira ndi kuchotsa mphukira, koma imakupatsani tomato wa jagi imodzi sabata ndi sabata. Powerengera mitengo, kumbukirani kuti lita imodzi ya juwisi imadya tomato wokwana kilogalamu imodzi ndi theka. Ndi wambiri kuposa mmene ambiri amaganizira.

Paketi ya mbewu muziiwerenga. Zilembo V ndi F zikutanthauza kuti mtunduwo umapirira matenda awiri ofotetsa, a Verticillium ndi Fusarium, pomwe N ndi tizilombo ta m'nthaka totupitsa mizu. Ngati tomato anakufoterani pamalo amenewo, zilembozi ndi zofunika kuposa dzina lotchuka. Mukaona F1, dziwani kuti ndi haibulidi: njere zake mukasunga sizidzabereka mofanana ndi kholo.

Ngakhale mtundu utakhala wabwino chotani, tomato wothyoledwa wosapsa juwisi wake ndi wozizira. Musiyeni afiire pamtengo, ndipo zipatso zikayamba kupsa chepetsani madzi pang'ono, osaumitsa nthaka, kuti shuga asasungunuke m'madzi ambiri. Kuthirira modukizaduka kumaoletsa kunsi kwa chipatso, ndipo Roma ndi San Marzano sachedwa kugwidwa ndi vutoli.

Pali chikhulupiriro chakuti tomato wachikasu alibe asidi. Nthawi zambiri asidiyo alimo, kungoti shuga amamuphimba pa lilime. Nkhani ya asidi ndimaitenga mwamphamvu, chifukwa ikukhudza moyo. Juwisi wosungidwa m'botolo lotseka amafunika kuwawasa mokwanira, pH yake (muyeso wa asidi, umene nambala yake imatsika asidi akachuluka) isapitirire 4.6, apo ayi mabakiteriya oyambitsa botulism, matenda oopsa a poizoni wa m'chakudya, amatha kukula osasintha fungo. Tomato amakhala pafupi kwambiri ndi malire amenewa, ndiye mtundu uliwonse, wofiira kapena wachikasu, thirani masipuni awiri aakulu a madzi a mandimu a m'botolo pa lita iliyonse musanawiritse mabotolowo. Wowola, wobooledwa ndi mbozi, kapena wochokera pamtengo wakufa asalowe m'botolo.

Ena amadandaula kuti juwisi wawo amalekana, madzi paokha, mnofu pawokha, n'kuloza chala mtundu wa tomato. Vuto limakhala kadulidwe. Tomato akadulidwa n'kukhala, muli chinthu chachilengedwe chotchedwa enzaimu chimene chimaswa pectin, yemwe amagwirizanitsa madzi ndi mnofu. Dulani ochepa, ponyani mumphika wotentha, aphwanyeni awire, kenako muzidula ena n'kumaponya momwemo osalola kuwira kusiye. Onse akalowa, awire mphindi 5, ndiye musefe.