Wina akapezeka ndi khate, musaiwale anzake a kuntchito

Munthu akapezeka ndi khate, ambiri timangothamangitsira a m'nyumba kuchipatala, basi. Koma tizilombo take timatuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa wodwala amene sanayambe mankhwala, ndipo amene amakhala naye pafupi maola ambiri, kwa miyezi, angatengere ngakhale sagona nyumba imodzi.

Ndiye alangizi a zaumoyo akafunsa amene mumakhala nawo, tchulaninso mnzanu wosoka naye m'kashopu kopanikizana ku Kawale, woyimba naye kwaya, wosewera naye bawo madzulo alionse, mwana wokhala naye desiki imodzi, ndi aneba a khomo loyandikana. Amene munangopatsana naye moni wa m'manja kapena kukwera naye minibasi ya ku Area 25 musamuvutitse, khate silifala choncho.

Aliyense wa amenewa adziyang'ane thupi lonse pamalo owala, kumsana amuonere wina. Akapeza banga lotuwa kapena lofiirira losayabwa, atsinzine, mnzake alikhudze ndi thonje. Ngati sakumva kanthu, apite kuchipatala, kaya ku Bwaila kaya chapafupi. Ndalama zogulira mafuta a zikanga mumsika zisungeni, mankhwala a khate ndi aulere, ndipo amamwa miyezi 6 kapena 12. Akangoyamba kumwa, safalitsanso.

Kuyang'anaku kuzichitika chaka ndi chaka, chifukwa matendawa amabisala zaka 5, mwinanso mpaka 20. Dzina la wodwalayo musalilengeze pagulu, apo ayi anthu adzayamba kubisa mawanga awo mpaka zala zitachita dzanzi.