Kusamutsa tree fern yokhazikika kale, samalani thunthu

Anthu ambiri akafuna kusamutsa tree fern, chomera cha masamba aataliatali onga nthenga chomwe chimakula ndi thunthu, amangoitenga ngati mtengo wamba, kukumba, kuzula, kukadzala kwina basi. Mpamene zimalakwikira pamenepo. Chomwe mukuchiona ngati thunthucho si thabwa ayi, tsinde lenileni lili mkati ndipo kunjaku kwakutidwa ndi timizu tambirimbiri tolukanalukana, tamoyo, tomwe timamwa madzi. Ndiye thunthulo likangouma, olo muthire madzi pansi mpaka matope, chomeracho chimavutikabe.

Musanagwire khasu dziwani kaye mtundu womwe muli nawo. Yang'anani m'munsi mwa masamba pomwe atulukira. Mukaona ubweya wofewa wofiirira ameneyo ndi Dicksonia, wodziwika kwambiri ndi Dicksonia antarctica wochokera ku Australia, ndipo ameneyu ndi wopirira, mutha kudula thunthu ndi sowo nkukazika gawo lam'mwambalo ndipo limatulutsa mizu ina, koma chitsa chotsalacho musachiyembekezere kuti chiphuka. Mukaona timamba touma m'malo mwa ubweya ameneyo ndi Cyathea, musayerekeze kumudula, amafuna mumukumbe ndi mizu yake pamodzi ndi dothi lomwe yagwira.

Dzenje latsopano likonzedwe kale, pamthunzi, posawomba mphepo kwambiri, dothi lake musakanize ndi masamba oolerana kapena kompositi yopsa bwino. Madzi asamadikhe. Kutatsala tsiku limodzi kuti musamutse, thirirani chomeracho kwambiri, kenako sankhani tsiku la mitambo kapena madzulo, ndipo nyengo yabwino ndi pomwe masamba atsopano sanayambe kufutukuka. Masamba akale dulani ambiri, zimamvetsa chisoni inde koma mizu yodukayo singakwanitse kuwamwetsa onse. Kumbani mozungulira motalikirako ndi thunthu, kulungani ndi chiguduli chonyowa, ndipo nyamulani awiri chifukwa chimalemera kuposa momwe chimaonekera. Chonde osagwira pamutu paja pomwe pali timasamba topindika ngati chibakera, pakaphwanyika pamenepo basi kwatha, malo ophukira ndi omwewo.

Pobzala kwirirani mpaka pomwe dothi linkalekeza kale, kapena kuzamitsako pang'ono kuti chiime nji, tsenderani, khomani zichiri nkumanga ndi nsalu kapena labala osati waya. Chikamagwedezeka ndi mphepo mizu yatsopano imangothothoka.

Za mumphika ndi zomwezo. Mukaona mizu ikutuluka pansi kapena madzi akungodutsa osalowerera, gonekani mphikawo cham'mbali nkusolola pang'onopang'ono. Watsopanoyo akhale wokulirapo pang'ono chabe, wa mabowo, komanso wolemera kuti asamagudubuzike. Mphika waukulu kwambiri umangosunga madzi nkuoletsa mizu.

Kuthirira kwake yambirani pamwamba madzi atsike ndi thunthu lonse, tsiku ndi tsiku kukamatentha kwa miyezi ingapo yoyamba, koma komwe kumazizira mpaka madzi kuundana musathire pamutu nthawi yozizirayo. Feteleza dikirani kaye chigwire, ine ndimati chaka choyamba kuphimbira ndi masamba ouma nkokwanira.

Ndipo musafulumire kuzula poganiza kuti chafa. Dicksonia amakula masentimita 3 mpaka 5 okha pachaka, thunthu la mita imodzi ndi zaka 20 kapena kuposa, sachita zinthu mothamanga. Pisani chala mosamala pamutupo, mukamva timibulu tolimba taubweya ndiye kuti chili moyo, pitirizani kuthirira.