Kulowetsa secondary dominant pa kiyibodi

Achimwene, mwati nyimbo za kwaya yanu ku Ndirande zimangozungulira pa ma chord (manotsi angapo olizidwa pamodzi) a C, F ndi G, ndiye mukufuna kuzikometsako. Yesani secondary dominant, chord yomwe imakokera khutu ku chord yotsatira.

Choyamba sankhani chord yomwe mukufuna kufikapo. Tinene G, tili mu kiyi ya C.

Kenako werengani manotsi asanu kukwera kuyambira pa G: G, A, B, C, D. Pa D pamenepo mangani D7, yomwe ndi D, F#, A ndi C. Iyikeni musanafike pa G, monga pomwe panali Dm (D minor), ndiye mugwere pa G. Ntchito yonse akugwira ndi F# uja, amachita ngati akukankhira chala chanu ku G.

Kwina konse njira ndi yomweyo. E7 imapita ku Am, A7 ku Dm, ndipo C7, yokhala ndi Bb, imakufikitsani pa F. Pa C, Am, Dm, G yesani C, A7, Dm, G7. Yambani ndi imodzi yokha, zikachuluka nyimbo imasochera.

Koma musanaiyike, mverani kaye oimba. Ngati pamalopo masoprano akuimba F wamba, F# wanu awombana naye. Ine zinandionekera pa ukwati wina ku Chilomoni: ndinaponya D7 mwamatama, amayi ena a kutsogolo anangotembenuka n'kundiyang'ana, mawu atawathawa. Pamalo otere siyani Dm momwe alili, D7 muisungire pomwe oimba ali pa D kapena A.