Kupeza chipinda chotsika mtengo ku Lilongwe pa nthawi ya atachimenti

Kalata ya atachimenti (nthawi imene wophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito pa ofesi kapena pa kampani) ikatuluka, yambani mwadziwa pomwe pali ofesi yanu musanafunse za nyumba. Lilongwe ndi mzinda wotambalala, ndipo maminibasi ambiri amakathera ku depoti ya ku Old Town. Munthu wokhala ku Area 36 amene akugwira ntchito ku Kanengo amakwera kawiri popita, kawiri pobwera. Mwezi uli ndi masiku antchito pafupifupi 22, ndiye kuti akwera ka 88, pamene mnzake wa ku Area 25 akwera ka 44 kapena angoyenda wapansi. Tengani mtengo wa minibasi wa lero, muchulukitse ndi nambala zimenezi, muwonkhetse ndi lendi. Mudzaona kuti chipinda chodulirapo pafupi ndi kuntchito kawirikawiri ndi chimene chimakusiyirani ya ndiwo.

Ngati mwatumizidwa ku Capital Hill kapena ku City Centre, yambani ndi Area 18. Ku Area 10, 12 ndi 43 nyumba ndi zikuluzikulu, koma kuseri kwake kumakhala maboyizikota omwe nthawi zina amachititsidwa lendi. Vuto lake maminibasi sapitapita m'misewu ya kumeneko, ndiye kabaza adzakudyerani ndalama. A ku Old Town, ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central ayang'ane ku Kawale, Biwi, Mchesi ndi Falls. A ku Kanengo, Area 25.

Yambani kusaka kudakali mwezi wathunthu. Funsani ophunzira amene anachita atachimenti pamalo omwewo chaka chatha, a kumpingo kapena kumzikiti, komanso alonda ndi amesenjala a pa ofesipo, chifukwa ndi amene amadziwa chipinda chomwe chikutulukidwa kumapeto a mwezi. Kufupi ndi makoleji a mu mzindawu kuli mahositelo a anthu wamba omwe amakhala ndi malo ophunzira ogonamo akapita kuholide. Mukhoza kulowa m'malo mwa wophunzira woteroyo, bola eninyumba avomere ndi pakamwa pawo. Zongogwirizana awiriwiri mungadzapeze katundu wanu ali panja.

Maejenti alipo achilungamo, koma ambiri amafuna ndalama yokaonetsera nyumba, ndipo mukailowa amafunanso yawo yapadera. Mufunsiretu zonse ziwiri musananyamuke. Chinyengo chofala n'chakuti munthu amaika zithunzi zokongola pa Facebook kapena pa WhatsApp, n'kukuuzani kuti anthu akulimbirana, tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni. Mukatumiza, foni yazima. Musapereke ngakhale tambala musanalowe m'chipindamo ndi kiyi, musanaonane ndi eninyumba maso ndi maso, komanso musanafunse oyandikana nawo ngati munthuyo alidi mwiniwake. Ngati mudakali kusukulu ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, tumani mbale wanu akaone.

Kukaona chipinda kumafunika maulendo awiri, masana ndi madzulo. Masana tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, ndipo mufunse alendi anzanu, osati alandilodi, kuti amasiya kangati pa sabata. Werengani mabanja ogwiritsa ntchito chimbudzi ndi bafa limodzi. Pa nyumba za mdadada akapitirira anayi, m'mawa mudzakhala pa mzere nthawi ya ntchito ikukutherani. Yang'anani kudenga: madontho a dzimbiri pa malata kapena mawanga pa siling'i ndiye kuti mumadontha. Kunsi kwa khoma kukakhala mzere wa matope, makamaka kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi, madzi analowapo m'nyumbamo nthawi ya dzinja. Gwedezani chitseko ndi zitsulo za pazenera. Madzulo yendani wapansi kuchoka pa siteji kukafika pakhomo, muone mdima wake ndi malo omwera mowa ali panjira. Amene mudzaweruke usiku, monga a kuchipatala, ulendo wachiwiriwu ndiye wofunika kuposa woyamba.

Mikangano yambiri pa lendi imachokera pa mita. Ngati mita ya ESCOM ndi imodzi pa mpanda wonse, funsani kuti mayunitsi amasonkha bwanji, amagula ndani, nanga wophikira hotipuleti amapereka zofanana ndi wongotchaja foni? Pakapanda lamulo, wamng'ono ndi amene amapsinjika. Ku madzi, pemphani kuona bilu yomaliza ya Lilongwe Water Board, ndipo tsiku lolowa mujambule nambala za pa mita. Mukapanda kutero mudzalipira ngongole ya amene anatuluka.

Eninyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi ndipo sakonda munthu wokhalitsa pang'ono. Onetsani kalata ya kusukulu, nenani tsiku lolowa ndi lotuluka, mupemphe kupereka miyezi iwiri kaye. Zimene mwagwirizana zilembedwe pa mapepala awiri ofanana: mayina, masiku, ndalama ya pamwezi, wolipira madzi ndi magetsi, ndalama ya chikole ngati ilipo ndi tsiku lodzaibweza. Nonse musayine pamaso pa mboni, ndipo uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama yapita musaufufute. Lendi yoyambayi ichokere kunyumba. Alawansi ya kuntchito, kumene iliko, imatha kuchedwa, ndipo malo ena sapereka n'komwe.

Kukhala awiri m'chipinda kumadula lendi pakati, koma mugwirizaniretu za makala, za alendo ogona, komanso kuti wina akachoka msanga gawo lake alipira ndani. Kukhala kwa achibale nako si kwaulere: kambiranani poyamba ngati muzigula mayunitsi kapena thumba la ufa, musadikire kuti azakhali ayambe kulankhula mokuluwika.

Katundu musachulutse. Matiresi, neti ya udzudzu, mbaula, mapoto awiri, ndowa, chigubu cha malita 20 chosungira madzi, tochi ndi loko wanuwanu wa pachitseko n'zokwanira. Ngati ndi mu June kapena July onjezani bulangeti lokhuthala. Ukatsala mwezi umodzi akumbutseni alandilodi tsiku lotuluka, ndipo patsikulo muwerengere limodzi mita musanapereke makiyi.