Kudula ndi kumata zithunzi motengera luso la Wangechi Mutu

Wangechi Mutu, yemwe anabadwira ku Nairobi mu 1972 n'kumaliza maphunziro a zaluso ku yunivesite ya Yale ku America mu 2000, anatchuka ndi collage, luso lodula zithunzi n'kuzimata pamodzi. Amadula milomo m'magazini a mafashoni, ziwalo m'mabuku a zachipatala ndi zithunzi za zitsulo za njinga zamoto, n'kuzilumikiza kuti zikhale thupi la mkazi. Zambiri amamata pa Mylar, pulasitiki yopyapyala yosamwa madzi.

Kuti muyese njira imeneyi, yambani ndi inki. Goneketsani Mylar patebulo losapendekeka, nyowetsani malo amene thupi lidzakhale, kenako dontheziranipo inki. Popeza siilowa pansi, imayenderera yokha n'kusiya mawanga onga a khungu. Isiyeni igone usiku wonse, chifukwa mukanyamula isanaume yonse imatsetserekera mbali imodzi.

Podula gwiritsani ntchito lezala latsopano, lobuntha limakoka pepala n'kuling'amba. Lipendeketseni pang'ono kuti nsonga yake iloze kunsi kwa chithunzi, apo ayi m'mphepete mumatsala kamzere koyera koulula polumikizira. Yalani zidutswa zonse musanamate, zisunthenisuntheni mpaka diso likhutire, ndipo jambulani ndi foni kuti musaiwale kakhalidwe kake.

Pomata ndiye pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Guluu woyera wa PVA amagwira bwino pa katoni, koma pa Mylar amadzamatuka, ndiye pamenepo pakufunika acrylic gel, phala lomatira limene ojambula zithunzi amagwiritsa ntchito. Pepala la magazini likanyowa limafutukuka. Mukalimata nthawi yomweyo limafutukukira pomwe mwaliikapo, makwinya n'kubadwa. Pakani guluu wochepa kumbuyo ndi burashi, kuchokera pakati kupita m'mphepete, dikirani theka la mphindi kuti pepala limalize kufutukuka, kenako ikani. Phimbani ndi pepala loterera lophikira makeke, sisitani ndi khadi lakale kuchotsa mpweya, osati ndi chala chonyowa chifukwa chimafufuta utoto. Sanjikizani mabuku olemera pamwamba kwa maola 24.

Musanasankhe chidutswa, chiyang'anitseni padzuwa. Ngati zolemba zakumbuyo zikuoneka, zidzaonekanso mukamata pamalo oyera. Pakani utoto wotuwa wa acrylic kumbuyoko, uume, ndiyeno mumate.

Nyuzipepala imasanduka yachikasu msanga chifukwa cha asidi wa m'pepalamo, ndipo dzuwa limasulutsa inki ya magazini. Poika mu fulemu siyani kampata pakati pa galasi ndi chithunzi, chifukwa zikagundana nyengo ya chinyezi zimakakamirana.